Ndinasasula Denga Langa ndi Manja Anga

Abusa andiuza kuti ndisatalikitse. Ndiyesa, koma nkhani ya munthu wolandidwa nyumba siifupika. Ndikuthokoza Mulungu kuti ndaima pano ndi miyendo iwiri, ngakhale umodzi ukutsimphina.

Ambiri mukundidziwa. Ndine Eliyasi, amene ndinali mkulu wa mpingo uno, amene munandichotsa pa ukulu, ndipo munachita bwino. Ena mwa inu abambo anzanga ndinu akamwini monga ndinalili ine. Mukugona m'nyumba zomanga nokha pa dothi la eni ake, ndipo mkazi akangotsokomola mtima wanu umati phaa. Ndikulankhula makamaka kwa inu.

Ndinakwatira Esinati ndili mnyamata, ndikugwira ukalaliki ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. Monga mwa mwambo wathu, ndinasiya kwathu m'munsi mwa Michesi n'kukakhala kwawo kuchigwa. Ukalaliki unandiphunzitsa kuti chimene sichinalembedwe sichinachitike, choncho sindinatayepo pepala. Lisiti la lata lililonse, la thumba lililonse la simenti, pepala limene tinalemberana ndi wowotcha njerwa, mtchatho wa ukwati, makadi a sikelo a ana, ngakhale ziphaso za msonkho wa nthawi yakale ija, zonse zili m'chikwama chachikopa. Nyumba ndinamanga ya njerwa zowotcha, ya khonde lalikulu, yoti munthu wodutsa pa msewu amatembenuka. Esinati ankati, "Bambo a Yohane, mukumanga ngati pano ndi kwanu." Ine ndinkati, "Nanga kwathu n'kuti, poti ndiwe uli pano?" Tinkaseka.

Mulungu anatipatsa ana aamuna okhaokha. Kwa ife Alhomwe mukudziwa tanthauzo lake: malo amatsata mwana wamkazi. Anyamata anakula, aliyense anapita ku chikamwini kwake, wina analowera ku Joni.

Esinati anamwalira m'dzinja, chimanga chili m'mawondo. Maliro atatha, anthu akubalalika, alamu anga a Waisoni, mlongo wake wa Esinati amene ali mwini mbumba, anandigwira paphewa nati, "Alamu, za inu tidzakambirana." Sanatchule tsiku. Akanatchula tsiku, mwina ndikanapirira. Ndinadziwa kuti akunena za kusudzula, pamene abale a malemu amakukhazika pansi n'kukuuza kuti ukwati watha, wamasuka, bwerera kwanu. Ndinadziwanso woti alowe m'nyumbamo: Felesiya, mwana wa mng'ono wake wa Esinati, amene ankakhala ndi ana ake m'kanyumba kaudzu kothonya.

Bwerera kwanu! Kwathu kuti? Munda wa amayi anga napolo anaukwirira ndi miyala kalekale, ndipo wotsalawo anagawana ana a alongo anga. Ndinachokako ndilibe ndevu. Ndibwerere ndi imvi, kukapempha pogona kwa adzukulu amene sakundidziwa bwino nkhope?

Ndinanyamula chikwama changa. Kwa amfumu anati ndi nkhani ya m'banja. Ku Boma ndinazungulira maofesi mpaka a kabaza anayamba kundiitana kuti "Madala a Fayilo." Bwana wina wachinyamata, wochokera kumpoto, anawerenga mapepala onse mwaulemu, nati, "Bambo, mwasunga bwino kwambiri. Koma mapepalawa akunena za malata ndi simenti. Za dothi palibe." Wina anati ndikasume kukhoti, mwina lamulo lingaime kumbuyo kwanga. Mwina likanaimadi. Koma ukapambana mlandu ndi mudzi wonse, umadwala wekha, ndipo madzi umakatunga wekha.

Apa ndiye nkhawa inandilowa ngati nankafumbwe m'nkhokwe. Kunja ndinkaoneka chimanga, mkati ndili ufa. Ndinkakangana ndi a Waisoni m'mutu mwanga kuyambira m'mawa. Iwo akati chakuti, ine ndidzati chakuti, n'kutulutsa pepala lakuti. Ndikudya, ndikukangana nawo. Ndikusamba, ndikukangana nawo. M'tchalitchi muno, mutu nditaweramitsa, inu mukuganiza kuti mkulu akupemphera, ine ndili pabwalo ndi a Waisoni. Iwo eni ake anali kuotha dzuwa kwawo osadziwa kanthu. Tulo tinathawa. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri, anandipatsa mapiritsi, ndinawasunga bwinobwino pamodzi ndi kapepala kake osamwa. Anzanga akusosa m'minda ine sindinasose. Ndilimirenji chimene adye ena?

Kachasu ndinayamba ngati mankhwala a tulo, kabotolo kakang'ono. Kabotolo kanakula. Ndinkapita ndekha kuseri kwa msika, chipewa nditatsitsa, pobwera n'kumatafuna masamba a gwafa kuti fungo lisamveke. Lamulungu ndinkaima pa guwa ili n'kumakuuzani kuti musamade nkhawa, Mulungu alipo. Munkavomera kuti ameni. Ine mawuwo sankandifika ndi pakhosi pomwe.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lili lowamba, ndinatuluka m'nyumba n'kupeza mwamuna wa Felesiya ataima pabwalo panga ndi mnzake, akuloza denga. Ndinamumva ndi makutu angawa akuti, "Apa ndiye pabwino kuikapo sola." Ine ndili moyo. Ine ndili pakhonde. Sanandipatse ndi moni womwe.

M'mawa mwake ndinamwa osadya kanthu, ndinabwereka makwerero, ndinatenga hamala, n'kukwera padenga. Ndinayamba kuzula misomali. Lata loyamba litagwa pansi kuti gwengwelele, mudzi wonse unathamangira.

A Waisoni anafika akupuma mwawefuwefu. "Alamu, tsikani! Mwakula inu!"

"Dothi ndi lanu, malata ndi anga!" ndinakuwa. "Lisiti lilipo! Mukhale ndi zipupa zanuzo, mvula ikusambitseni!"

"Ndani wakuthamangitsani? Tinati tidzakambirana!"

"Ndiye tikukambiranatu apa!"

Mayi wina pagulupo anati, "Taonani a mkulu wa mpingo, akwera kumwamba asanafe!" Anthu anaseka, ana anakuwiza. Ine ndinazulabe. Kenako ndinaponda phaso lofumbwa, linathyoka, ndipo ndinagwera mkati, m'chipinda chomwe chija anamwaliriramo Esinati. Mwendo unalira ngati nkhuni youma.

Anandinyamula ndi amuna a mpingo uno. Ena muli pano, ndikukuonani, musaweramitse mitu, manyazi ndi anga. Ku chipatala namwino atandiyandikira anabwerera m'mbuyo nati, "Agogo, mwamwa chiyani m'mawa uno?" Anafunsa pamaso pa akulu anzanga.

Anandiika chikhakha kuyambira kuntchafu mpaka kuphazi. Mukudziwa kuti kuchipatala wodwala amafunika womudikirira, womuphikira ndi kumuchapira. Mwana wanga Yohane anabwera, anakhala pang'ono, apongozi ake anamuitana kumunda. Amene anatsala nane ndi Felesiya. Musaganize kuti nkhani yakoma apa. Ankabwera ndi phala, ine n'kumaganiza kuti akuwerenga masiku anga. Ndinamufunsa, "Ukudzavutikiranji? Nyumba watenga kale." Iye anati, "Bambo, mayi aakulu akanamva kuti ndakusiyani muli m'zonyansa zanu akanati chiyani? Imwani phalali. Za nyumba musandifunse, woweruza si ine." Sanati nyumba ndi yanu. Ndinadikira kuti anene, sananene.

Pa bedi loyandikana ndi langa panali a Thomasi, msodzi wa ku Chilwa, mimba itatupa, maso atachita chikasu. Akazi awo, mayi Aginesi, ankagona pansi pa bedilo pa chitenje. Masana ena, nthawi yoona odwala itatha, wodi ili zii ndi kutentha, mayiwa anabwera n'kugwada pambali panga.

"Abambo, ndamva kuti ndinu mkulu wa mpingo. Tatipemphererani."

Ndinati, "Mayi, amene anakuuzani kuti ndine mkulu sanakuuzeni chimene chandigoneka pano?"

"Anandiuza. Munagwa padenga mutaledzera."

"Ndiye pezani wina."

"Winayo ali kuti? Abusa abwera Lamulungu, amuna angawa sindikudziwa ngati afika tsikulo. Ine sindinati muwachiritse inu. Ndangoti mupemphere."

Anatenga dzanja langa n'kuliika pa chitsulo cha bedi la amuna awo. Ndinatseka maso. Ine amene ndinkatsogolera mapemphero a maliro mudzi wonse, ine amene mawu ankangotsika okha ngati madzi a m'phiri, ndinatsegula pakamwa osatuluka kanthu. Ndinamva ntchentche. Ndinamva a Thomasi akupuma movutika. Ndinati, "Ambuye," n'kuima. Ndinatinso, "Ambuye." Ndiye chinatuluka si pemphero la mkulu wa mpingo ayi. Unali mlandu wanga.

Ndinati, "Ambuye, Inu munalipo pamene ndinkaponda dothi la njerwa zija. Munalipo pamene Esinati ankasenza madzi a simenti ali ndi pakati. Sindinabe. Sindinamenye mwana wa eni ake. Ndaika maliro awo onse, ndakumba nawo manda awo onse. Lero akuti ndine mlendo. Mwanditengera mkazi, ndiye mukuti ndipite kuti? Ndikagone pa mwala? Ndikuopa, Ambuye. Ndikuopa kufera m'khumbi la munthu ngati galu wosokera. Ndakwiya, ndipo ndakwiyira Inu amene. Mwaziona zonsezi ndipo mwangokhala chete."

Ndinalankhula nthawi yaitali. Ndinalira mamina n'kutsika, wodi yonse ikumva. Nditatopa ndinati ameni.

Mayi Aginesi anati, "Ameni." Kenako anati, "Komatu abambo, za amuna anga simunatchule."

Wodwala wina kumapeto kwa wodi anaseka mpaka kutsamwa. Ine manyazi anandigwira, koma ndinatsekanso maso n'kupempherera a Thomasi, ndipo ulendo uno mawu anabwera.

Mvetserani chimene ndinazindikira nditagona chagada pabedi paja. Kuyambira pa maliro a Esinati, nkhani yangayi ndinali nditaifotokozera amfumu, mabwana a ku Boma, a kabaza, mayi wogulitsa kachasu, ndipo a Waisoni a m'mutu mwanga ndinawafotokozera usana ndi usiku. Mulungu yekha ndi amene sindinamuuze. Ndinkamuuza mawu okongola, oyenera mkulu, a dzuwa ndi mvula ndi atsogoleri a dziko. Chimene chinkandidya ndinamubisira, poganiza kuti munthu sungapite kwa Mulungu utakwiya. Masana amenewo ndinapita nditakwiya, ndipo sanandithamangitse. Sanayankhe za nyumba. Koma katundu uja ndinamva kuti sindikusenzanso ndekha. Ndinagona tulo mpaka Felesiya anachita kundigwedeza kuti ndimwe mankhwala.

A Thomasi sanafike Lamulungu. Ndikunena izi kuti wina asatuluke muno n'kumati Eliyasi wapeza pemphero lotsegula chilichonse. Mayi Aginesi atamanga mapoto awo m'chitenje anabwera kudzatsanzika. Ndinati, "Mayi, pepani, pemphero langa silinathandize." Iwo anati, "Anapita atamva dzina lawo likutchulidwa kwa Mulungu. Ine ndimafuna chimenecho. Inuyo musiye mowa, nkhope yanu siyoyenera." Anasenza katundu wawo n'kutsata mtembo.

Nditatuluka m'chipatala ndinachita zinthu zochepa, ndipo palibe chozizwitsa.

Ndinaitana abusa ndi akulu n'kuwauza zonse ndekha, asanamve kwa ena zowonjezera. Munandichotsa pa ukulu, ndinakakhala benchi lakumbuyo pamodzi ndi ochedwa. Linali lowawa, koma pabenchi limenelo ndi pamene ndinayamba kumva ulaliki.

Njira ya kuseri kwa msika ndinaisiya. Ndikafuna mchere ndimazungulira ku msewu waukulu ngakhale mwendo ukuwawa. Mapiritsi a magazi aja ndinawatulutsa m'chikwama n'kuyamba kumwa. Pemphero silikana piritsi.

Nkhawa sinathe, musanamizidwe. Imabwerabe m'mawa uliwonse ndikangotsegula maso, a Waisoni n'kuyamba kulankhula m'mutu. Ndiye ndimadzuka, ndimagwada bondo labwinoli, n'kunena mokweza, osati chamumtima: "Ambuye, lero ndikuopa chakuti." Ndimachitchula dzina lake, popanda kuchikongoletsa. Ndikatero ndimati, "Ndakuuzani, chili kwa Inu," n'kupita kukagwira ntchito ya tsikulo. Ikabweranso masana ndimaiuza kuti nkhaniyi yaperekedwa kale, ndilibe mphamvu yoitsegulanso. Ine ndinali kalaliki, ndikudziwa kuti chimene wapereka kwa bwana sukachilandanso patebulo pake.

Malata aja ndinapempha amuna a mpingo kuti andikhomerere. Lata lozulidwa silibwerera mwakale, limathonya m'mabowo a misomali yoyamba, ndipo dzinja limenelo ndinagona pakati pa mabeseni. Munda ndinabzala mochedwa, ndikuyenda ndi ndodo. Amayi a mpingo anakumba mapando, ine n'kumaponya mbewu, chimanga ndi nandolo. Wina anati, "Mukubzaliranji, poti mukuchoka?" Ndinati, "Lero ndilipo."

Chomaliza, ndinapita ndekha kwa a Waisoni enieni, osati a m'mutu aja. Ndinati, "Alamu, tchulani tsiku." Anayang'ana pansi nati, "Tikakolola."

Titakolola chimanga anatikhazika pabwalo, abale awo mbali iyi, adzukulu anga ochokera ku Michesi mbali iyo. Ndinapemphera m'mawa umenewo kuti Mulungu atembenuze mitima yawo. Ndinapempheradi, sindikubisa. Chikwama ndinapita nacho, chinali pamiyendo panga. A Waisoni analankhula mawu aulemu ambiri, kuti ndinali mkamwini wabwino, kuti sindinawachititsepo manyazi kupatula tsiku limodzi lija. Anthu anaseka pang'ono. Kenako anaika kandalama m'mbale monga mwa mwambo, n'kukankhira kwa ine. "Alamu, takumasulani."

Mitima yawo sinatembenuke.

Ndinapempha kulankhula. Manja anali pa zipi ya chikwama, ndipo ndinkadziwa pepala lililonse pamene lili. Sindinatsegule. Ndinati, "Alamu, zimene mwachitazi ndi mwambo, koma si chilungamo. Ndanena pamaso panu, ndipo ndanena kale pamaso pa Mulungu. Sindilimbana nanu. Felesiya, chipinda chakumadzulo chimathonya, uikemo beseni." Ndinatola kandalamako.

Ndikubwerezanso pano, m'nyumba ya Mulungu: sichinali chilungamo. Munthu sangakalambire pamudzi, kuika maliro ake onse, n'kudzauzidwa kuti ndi mlendo. Ndinawakhululukira, koma sindidzanena kuti anachita bwino. Inu amene muli eni mbumba mwakhala pansipa, mawa ndi inu, chifukwa kwinako nanunso ndinu akamwini.

Ndinasamuka pa ngolo ya ng'ombe ndi matiresi, mpando, zovala ndi chikwama changa. Mdzukulu wa mlongo wanga anandipatsa kamalo pakati pa miyala, ndipo tinamanga kanyumba ka zidina, kaudzu. Ndikaimirira mutu umagunda phaso. Chimene ndinkachiopa chija chinandigwera chonse, palibe chinachotsedwapo. Koma ndikukuuzani zoona: miyezi imene ndinkachiopa inali yowawa kuposa chinthucho. Mantha anandithyola mwendo, anandichotsa pa ukulu, anandisandutsa chidakwa. Kanyumba kaudzu sikanandichite chilichonse mwa izi.

Mwezi wathawu ndinamva belu la njinga pabwalo. Anali mwamuna wa Felesiya, wa sola uja, atamanga dengu kumbuyo. Anagwada bwinobwino nati, "Bambo, akuti tikugawireni nandolo."

Kundigawira! Nandolo wanga, wobzala ine ndikutsimphina, m'munda umene ndaulima moyo wanga wonse, akundipatsa ngati wopemphetsa. Magazi anakwera. Ndinafuna kumuuza kuti abwerere nalo dengulo, akauze a Waisoni mawu amene ndinali nditawakonza kale. Ndinati, "Tadikira." Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada, ndinati, "Ambuye, mwaona chipongwe ichi? Ndakuuzani." Nditatuluka ndinalandira dengulo ndi manja awiri, ndinamupatsa madzi akumwa, ndinati akapereke moni kwa ana.

Nandoloyo ndinaphika tsiku lomwelo. Ndinadya nditakwiya, mbale yonse, ndipo anali wokoma. Nditatha ndinathokoza Mulungu, n'kugona mpaka kunacha.

Amene ali ndi chomudya, asadikire kukwera padenga. Abusa, ndakhala pansi.